Ekizozi yadyeka, pansi pakudontha: njira iti pa pikapu yakale?

Pikapu yanga ndi Hilux ya 1994, ya injini ya dizilo ya 2.8 imene amakaniko amangoti 3L. Ndinaigula kwa amalume itatopa kale, ndipo ntchito yake ndi kukatenga kachewere ku Tsangano ndi ku Dómuè n'kubwera naye pa Ulongué, mwina kutsika naye mpaka ku Tete mtengo ukakhala wabwino kumeneko. Mvula ya chaka chatha itangotha, galimotoyi inayamba kulira ngati chigayo. Nditaiyimika pa dzenje la pa garaja n'kulowa pansi pake, ndinapeza kuti sayilensa, chigubu chochepetsa phokoso pa ekizozi (paipi ya utsi), yabowoka pamwamba, paipi yakumbuyo ikulendewera pa waya, oyilo wanyowetsa mbali imodzi yonse ya injini, ndipo tayala limodzi lakumbuyo lanyowa mkati. Ndalama zimene zinali m'thumba zinali zokwanira ziwiri zokha mwa zimenezi. Njira zili m'munsizi zina ndinazidutsa ndekha, zina ndinaziona pa ma Isuzu KB, Nissan Hardbody ndi Mazda B2500 a anzanga amene timaima nawo pa msika.

Ambirife timaganiza kuti dzimbiri limayambira kunja chifukwa cha matope. Matope ali nayo mbali yake, makamaka kuno ku Angónia kumene dothi limakakamira pamwamba pa sayilensa n'kumasunga chinyontho mwezi wathunthu. Koma kudyeka kwenikweni kumachokera mkati. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso, ali ngati nthunzi. Paipi ikakhala yotentha bwino, nthunziyo imatuluka limodzi ndi utsi. Ikakhala yozizira, monga m'mawa wa Juni galimoto ikangochoka kunyumba n'kukaima pa msika, nthunzi ija imasanduka madzi, imakhala m'sayilensa, n'kusakanikirana ndi zotsalira za m'mafuta mpaka kukhala asidi. Choncho bowo limene mukuliona si pamene dzimbiri layambira, ndi pamene latulukira. Chitsulo chozungulira bowolo chinapyapyala kalekale.

Musanasankhe njira iliyonse, tengani sipanala yaikulu mugogode paipi yonse kuyambira kutsogolo mpaka kumapeto, injini ili yozizira. Chitsulo chamoyo chimalira kuti nge nge. Chakufa chimati phu phu, mwinanso sipanalayo imangolowa. Kenaka lizani injini, wina atseke pang'ono kukamwa kwa paipi ndi chisanza, inu mukumvetsera pamene mpweya ukuthawira. Pa dizilo n'zosavuta, pakuti pomwe pakuthawa utsi pamakhala mwaye wakuda. Kugogoda kumeneku ndiko kumakuuzani njira yoyenera, osati mtengo.

Chigamba cha chitini

Tonse tinachitapo. Mumadula chitini, mumakuta pabowo, mumamanga ndi waya kapena ma kilampu awiri, ndipo amene ali ndi ndalama pang'ono amayamba wapaka Gun Gum, phala lija limauma ndi kutentha kwa paipi. Pa paipi yowongoka, bowo likakhala laling'ono ndiponso lili kumbuyo kwa sayilensa, chigambachi chimatha kukufikitsani kumapeto kwa nyengo yokolola. Pa sayilensa penipeni kapena popindika sichikhalitsa, ndipo msewu wa ku Tsangano umachigwedeza mpaka kugwa.

Pali malo amodzi pamene chigamba ndimachikana ngakhale kwa tsiku limodzi, ndipo ndi pansi pa kabini. Mu utsi muli mpweya wa carbon monoxide umene sununkha ndipo suoneka. Umayamba ndi mutu kuwawa, chizungulire ndi tulo, ndipo dalaivala amangoti ndatopa. Injini za petulo, monga 4Y ya ma Hilux ena, zimautulutsa wochuluka kuposa za dizilo, koma ya dizilo nayo si yoseweretsa. Pikapu yakale pansi pake pamakhala timabowo, mphira wa pa giya unang'ambika kale, ndipo mu Julayi magalasi timatseka chifukwa cha chisanu. Onjezani apo anthu a matola amene akhala kumbuyo atafunda lona, utsi ukuzungulira momwemo. Bowo la kutsogolo lisagone.

Kupita kwa wowotcherera

Njira imene ambiri timathamangira ndi imeneyi, ndipo ndi imene yandidyera ndalama zambiri pachabe. Paipi ya ekizozi ikakhala yatsopano chitsulo chake chimakhala chochindikala pafupifupi milimita imodzi ndi theka. Dzimbiri likadyako pamatsala ngati pepala. Owotcherera ambiri a m'misika mwathu ali ndi makina a magetsi ndi ma rodi a 2.5, opangira mageti ndi mafelemu a mawindo. Akangokhudza paipi yotereyi, bowo limakula. Amathamangitsa bowolo, amaunjika chitsulo, ndipo mukachoka pamakhala chotupa chooneka cholimba. Patapita sabata zitatu paipi imang'aluka m'mbali mwa chotupacho, pamene chitsulo cholimba chakumana ndi chakufa. Ine ndinabwererako katatu kwa bambo wina, ndipo ulendo wachitatu anandiuza yekha kuti, "Achimwene, apa tikuwotcherera dzimbiri."

Kuwotcherera kumathandiza pamene chitsulo chili chamoyo koma chathyoka ndi kugwedezeka: kachitsulo kokolekera kathothoka, kapena paipi yang'aluka pa mfundo chifukwa inagunda mwala. Pamenepo funani mmisiri wa gasi, kaya wa botolo kaya wa kabaidi, chifukwa lawi la gasi limalola chitsulo chopyapyala. Makina a MIG ndi abwino koposa, ndipo mungawapeze mosavuta ku Tete ndi ku Moatize kumene kuli ma oficina okonza magalimoto a ku migodi. Akamagwiritsa ntchito makina a magetsi paipi ili pa galimoto, chotsani waya wa batire, ndipo pakati pa moto ndi thanki muike lata. Ngati pansi pali ponyowa ndi dizilo kapena oyilo, patsukidwe kaye. Njira yabwino ndi kumasula paipiyo n'kuiwotcherera pansi.

Ya pa sucata

Ekizozi yochotsedwa pa galimoto imene inachita ngozi imatha kukhala chinthu chabwino kwambiri mwa zonsezi, chifukwa ndi ya ku fakitale, yopindidwa molondola, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Vuto n'lakuti ma pikapu a zaka zimenezi amene ali pa sucata, pamene amaphwasula magalimoto akufa n'kumagulitsa zitsulo zake, ndi anzake a yanuyo, ndipo ekizozi zawo zadya mvula zomwezo. Pitani ndi sipanala ija. Muigwedezenso sayilensa: ikamalira ngati chisekese, zamkati zinathothoka. Ngati pali kusankha, tengani yochokera pa galimoto imene yakhala kotentha ndi kouma monga ku Tete kapena ku Changara, osati ya kumapiri kuno. Ndipo muyeze, chifukwa ya kabini imodzi ndi ya makabini awiri, ya 4x2 ndi ya 4x4, sizifanana ngakhale injini ili imodzi.

Yatsopano ya m'sitolo

Iyi imabwera m'zigawo ziwiri kapena zitatu zomanga ndi mabawuti, ndipo ikakhala yoyenera galimoto yanu imalowa popanda kudula kapena kuwotcherera. Zambiri zimachokera ku South Africa, monga za Bosal, ndipo zimakhala za chitsulo chokutidwa ndi aluminiyamu chimene chimachedwa kuchita dzimbiri. Mtengo wake ndi wokwera kuposa njira zonse zimene tatchula, koma chovuta chenicheni ndi kuipeza. Ku Tete ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 230 kuchokera pa Ulongué, ndipo mukakafika mungauzidwe kuti ya chitsanzo chimenecho n'njoitanitsa. Ena amadutsa pa Calómuè kulowa Dedza mpaka ku Lilongwe, kumene ku Biwi kuli masitolo ndi magaraja ambiri. Kumeneko ndi kufupi, koma muwerengere kusintha meticais kukhala kwacha, ndi za Alfândega, a msonkho wa pa malire, pobwerera, popeza paipi ya mamita awiri siilowa m'thumba.

Ma Hilux athu ena anapangidwa ku Durban, ena anabwera kuchokera ku Japan atagwira kale ntchito, ndipo ekizozi zawo zimasiyana popindikira ndi pokolekera. Musapite ndi dzina la galimoto lokha. Tengani nambala ya chesesi ndi zithunzi za pansi pa galimoto m'foni. Ngati Chipwitikizi chimakuvutani pa kauntala, sayilensa amati panela, gasiketi amati junta, kilampu amati abraçadeira, ndipo silo, kamphira kotseka oyilo kuti asatuluke, amati retentor.

Za stainless ndingonena mwachidule. Ilipo ya mtundu wa 304 imene maginito saigwira kwenikweni, ndipo imakhala zaka zambiri osadyeka. Ilipo ya 409 imene maginito amaigwira, imafiira kunja koma imachedwa kubowoka. Zonsezi ndi zabwino. Koma pa pikapu imene chesesi chake chayamba kusenda ngati khungwa, ekizozi yotere idzatsala ili yowala galimoto itapita ku sucata. Ndalama imeneyo ipite ku mabuleki.

Kupangitsa

Njira imene ndinasankha, ndipo ndi imene ndingauze mnzanga aliyense wa pikapu ya zaka zoposa 20, ndi kugula sayilensa yatsopano ndi paipi yatsopano ya ekizozi, n'kupereka kwa mmisiri wodziwa kuti apange kutengera yakaleyo. Sayilensa siyenera kukhala ya Hilux ndendende. Chofunika n'chakuti ikwane pamalopo, ndipo kukamwa kwake kufanane ndi paipi. Pa dizilo wopanda turbo ngati wanga paipi imakhala pafupifupi mainchesi awiri, ndipo pa wa turbo imakulirapo. Mukaika yocheperapo galimoto imabanika pa chitunda. Mukaika yaikulu kwambiri simupindula kanthu koma phokoso. Ubwino wa njirayi ndi wakuti mumasintha chimene chafa chokha. Kawirikawiri chigawo cha kutsogolo, chimene chimatentha kwambiri n'kuuma msanga, chimakhala chikadali chamoyo pamene sayilensa ndi paipi yakumbuyo zatha.

Koma njirayi imayenda bwino kapena kulephera malinga ndi mmisiri, ndipo pali zinthu zimene muyenera kuimirira pomwepo.

Choyamba, kanani paipi ya madzi, ija ya galvanizado imene imapezeka m'sitolo ya zomangira. Amisiri amaikonda chifukwa ndi yochindikala ndipo makina a magetsi saibowola. Koma imalemera kawiri kapena kupitirira, ndipo kulemera konseko kumakoka pa manifodi, chitsulo chija chotolera utsi pa injini, mpaka kung'alula kapena kuthyola mabawuti ake. Komanso zinki wokutira paipiyo akapsa amatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa wowotcherera, kutentha thupi ndi kunjenjemera usiku ngati malungo. Amati kumwa mkaka kumateteza, koma mkaka upita m'mimba pamene utsi walowa m'mapapo.

Chachiwiri, asawotcherere paipi ku chesesi. Injini imakhala pa mphira ndipo imagwedezeka, choncho ekizozi nayo iyenera kulendewera pa mphira kuti izigwedezeka nayo. Mukaimanga nji, china chake chiyenera kuthyoka. Mphira wa m'sitolo akasowa, wodula ku tayala lakale amagwira bwino ndithu. Muonenso mphira wonyamula injini, chifukwa akaphwasuka injini imavina kwambiri ndipo paipi yatsopano imathyoka pakhosi. Oyilo wodontha ndiye amafewetsa mphira ameneyu, ndipo apa ndi pamene nkhani ya ekizozi imakumana ndi ya zodontha.

Chachitatu ndinachiphunzira pa Isuzu ya mnzanga. Mmisiri anapinda paipi bwinobwino kudutsa pamwamba pa ekiselo yakumbuyo, galimoto ili yopanda kanthu. Atakweza matumba a kachewere masipuling'i anagona, ekiselo inayandikira, ndipo pa bampu yoyamba inaphwanya paipi. Muuzeni mmisiri asiye mpata wa galimoto yolemedwa, paipi italikirane ndi mapaipi a mabuleki, thanki ndi tayala la sipeya, ndipo kukamwa kwake kutulukire kunja kwa bodi kumbuyo kwa tayala, osathera pansi pa katundu. Pamene zigawo zikumana pakhale mabawuti kapena kilampu, kuti tsiku lochotsa giyabokosi musadzadule paipi ndi sowo.

Ngati ntchito ikufika pa manifodi, khalani odekha. Mabawuti a pamenepo akhala akupsa ndi kuzizira kwa zaka 30, ndipo limodzi likathyokera m'mutu wa injini, ntchito ya ola limodzi imasanduka ya masiku awiri. Athireni WD-40 kapena dizilo madzulo ndi m'mawa kwa masiku awiri musanapite ku garaja. Nati ikakana, itenthedwe ndi gasi mpaka kufiira, kenaka imasulidwe pang'onopang'ono, kubweza ndi kupititsa. Mnyamata wa pa garaja akatenga paipi yaitali kuti awonjezere mphamvu pa sipanala, mugwireni dzanja. Gasiketi ya pamenepo ikhale yatsopano, ndipo silikoni wamba sapirira moto umenewo.

Alipo amene amachotseratu sayilensa n'kuika paipi yokha, amati galimoto imakoka bwino. Chimene chimawonjezeka ndi phokoso, ndipo limakuperekezani kwa apolisi a pamsewu ndi ku inspecção.

Tsopano zodontha

Pikapu yakale ikanyowa pansi, zonse zimaoneka zakuda mofanana, ndipo makaniko wofulumira amaloza chodula kwambiri. Yambani mwatsuka injini ndi giyabokosi ndi parafini kapena sopo wa ufa, ziume, muyende makilomita ochepa, kenaka muyang'ane ndi tochi kuyambira pamwamba. Oyilo amatsika ndipo mphepo imamukankhira kumbuyo, choncho gwero lake ndi malo onyowa amene ali pamwamba ndi patsogolo kuposa ena onse. Kuwaza ufa pang'ono pamalo pouma kumaonetsa njira imene wadutsa. Usiku yalani katoni pansi. Oyilo wa injini ya dizilo ndi wakuda bii, wa giyabokosi ndi difu ndi wolemera ndipo amanunkha ngati dzira lovunda, dizilo mumamudziwa kale, ndipo wa mabuleki ndi wopepuka, woterera, ndipo amasupula penti.

Kwa ine, oyilo amene ankaoneka ngati wa silo yakumbuyo kwa injini anali wochokera malo awiri otsika mtengo. Ena ankachokera pa gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba, n'kumatsetsereka kumbuyo kwa injini mpaka kukadontha pafupi ndi kilatchi. Ena ankachokera pa kapaipi ka mphira kobweza oyilo kuchokera ku pampu imene ili kumbuyo kwa alternator, imene imathandiza mabuleki kuti asaume. Kapaipi kameneka kanauma ndi zaka n'kung'aluka. Ndikanamvera woyamba kuyang'ana, ndikanalipira kutsitsa giyabokosi.

Pa oyilo wa injini njira ndi zinayi, ndipo sizilemera mofanana. Kungothira wina n'kumayenda si uchitsiru ngati pakungochucha, pa katoni pali kadontho kamodzi kapena awiri, ndipo muli ndi chizolowezi chosolola ndodo yoyezera m'mawa uliwonse. Botolo la 15W-40 kumbuyo kwa mpando ndi lotsika mtengo kuposa ntchito zina. Mankhwala a m'botolo othira mu oyilo amafufumitsa mphira wouma pang'ono, ndipo amachepetsa kuchucha kwa kanthawi, koma silo yong'ambika kapena gasiketi yosweka saibweza. Silikoni ali ndi malo ake, monga pa sampu (chosungira oyilo pansi pa injini) ya injini zimene zinamatidwa choncho ku fakitale, koma akhale wochepa ndipo chitsulo chikhale choyera, chouma. Amene amamupaka ngati chiponde sadziwa kuti wofinyikira mkati amathothoka n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo, ndipo injini imafa ndi ludzu sampu ili yodzaza. Kupaka kunja pamalo ponyowa ndiye kungotaya chubu.

Njira yachinayi ndi kusintha gasiketi kapena silo, ndipo funso ndi lakuti iti isinthidwe lero, iti idikire. Ya chivundikiro cha pamwamba, washa wa bawuti yokhetsera oyilo, ndi kaswitchi ka nyali ya oyilo ndi zotsika mtengo, sinthani lero. Silo yakutsogolo kwa injini isadikire ngati injini yanu ili ya lamba, monga 2L, 3L ndi 5L za Toyota, WL ya Mazda ndi Ford Ranger, kapena 4D56 ya Mitsubishi. Oyilo amafewetsa lamba wa timing, ndipo lambayo akaduka mapisitoni amagunda mavalavu. Pa 3L lamba amasinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, choncho sinthani lamba ndi masilo ake tsiku limodzi. Eni TD27 ya Nissan alibe nkhawa imeneyi popeza yawo imayendera magiya. Silo yakumbuyo ndiyo ingadikire tsiku losintha kilatchi, pakuti zonse zimafuna giyabokosi itsike, pokhapokha ngati oyilo wayamba kutereretsa kilatchiyo. Pogula silo tengani yakale kapena manambala atatu olembedwa pa iyo, amene ndi kukula kwa mkati, kwa kunja ndi kuchindikala m'mamilimita. Silo yabwino monga ya NOK ndi yokwera mtengo poyerekeza ndi zopanda dzina, koma kusiyana kwakeko n'kochepa mukakumbukira ndalama ya mmisiri wotsitsa giyabokosi kachiwiri.

Musanagule silo iliyonse, tsegulani chitsekero chothirira oyilo injini ikulira. Ikamafuka pang'ono palibe vuto. Ikamapuma mwamphamvu ngati mphika wa nyemba, ma ring'i atha, ndipo mpweya wodzaza m'injini ndiwo ukukankha oyilo kuti atuluke paliponse. Onani kaye ngati kapaipi kopumira injini sikanatsekeke. Ngati kali bwino, masilo atsopano adzadonthanso, ndipo nkhani yakula.

Tayala lonyowa mkati lija ndilo linadya ndalama zanga zoyamba, ekizozi isanakhudzidwe. Pamenepo pamadontha zinthu ziwiri, oyilo wa difu wodutsa pa silo ya ekiselo, kapena wa mabuleki wochokera pa silinda ya pa tayala. Fungo ndi kabotolo ka mabuleki kutsogolo zimakuuzani. Chilichonse mwa ziwirizi chimanyowetsa nsapato za mabuleki, ndipo wotsika kuchokera ku Mussacama kupita ku Moatize ndi katundu wa tani imodzi amafuna matayala onse anayi agwire. Apa palibe njira zoyerekeza. Nsapato zonyowa zisinthidwe mbali zonse ziwiri, osati kuziwotcha pamoto kuti ziume monga ena amachitira. Silinda ikakhala ndi zipsera mkati gulani yathunthu, pakuti timphira tatsopano m'silinda yodyeka sitikhalitsa. M'kabotolo mulowe DOT 3 kapena DOT 4 basi, chifukwa oyilo wa injini amatupitsa timphira tonse ta mabuleki. Ndipo pamwamba pa ekiselo pali kachitsulo kopumira difu. Matope akakatseka, difu ikatentha mpweya umasowa kotulukira n'kukankha oyilo pa silo. Kanga kanali katauma gwa, ndipo kukatsuka sikunadye ngakhale metical imodzi.

Madzi a m'rediyeta ndi amene amapha injini mwadzidzidzi. Ulongué ili pamwamba kupitirira mamita 1,200 ndipo kumazizira, moti galimoto yochucha madzi imatha miyezi osaonetsa vuto. Mukatsikira ku Tete mu Okutobala, kumene kutentha kumadutsa madigiri 40, n'kubwerera mukukwera zitunda, ndi pamene imakugwirani. Choopsa n'chakuti madzi akatheratu muvi wa kutentha umatha kunama, popeza kachipangizo kake sikakhudzanso madzi. Mutu wa injini ukang'aluka, mtengo wake umaposa ekizozi zingapo. Dzira, ufa kapena fodya zimene timathira m'rediyeta zimatsekadi kabowo kakang'ono n'kukufikitsani kunyumba, koma zimatsekanso timipata todutsa madzi, ndipo mankhwala a m'sitolo amachita chimodzimodzi mukawawirikiza. Rediyeta yakale ya mkuwa ndi chuma, chifukwa mmisiri amaimasula, amaitokosa timipata, n'kuimata ndi mtovu. Ya aluminiyamu ya mitu ya pulasitiki ikang'aluka, phala lomatira la Pratley limagwira masiku owerengeka, kenaka mugule ina. Musanaweruze rediyeta onani mapaipi a mphira, makilampu, kabowo ka pansi pa pampu ya madzi, ndi chitsekero. Chitsekero chabwino, pa ma Toyota ambiri cholembedwa 0.9, chimasunga mphamvu kuti madzi asawire msanga, ndipo chikatha madzi amatayika popanda bowo lililonse. Madzi a pa mjigo okhaokha ndiwo amadya injini mkati, choncho mukatha kukonza thirani mankhwala ake osakaniza ndi madzi oyera.

Dizilo akamachucha mumataya ndalama kawiri, chifukwa pamene mafuta akutulukira mpweya umalowanso, ndipo m'mawa galimoto imavuta kulira mpaka batire kutha. Timapaipi tobweza mafuta pa ma injector (tizitsulo topopera dizilo m'injini), mawasha ake ndi kapampu ka pa sefa n'zosavuta kusintha. Pampu yaikulu ikamachucha, ichotsedwe ipite kwa akatswiri a mapampu amene ali ndi makina oyezera, isatsegulidwe pansi pa mtengo pamene fumbi likuuluka. Paipi yachitsulo yopita ku injector ikang'aluka igulidwe ina, ndipo musafufuze bowo lake ndi chala injini ikulira, poti mafutawo amatuluka ndi mphamvu yobowola khungu. Thanki yobowoka imamatika ndi sopo wa mtanda kuti mufike, ndi Pratley kuti mudikire, koma moto usayandikire thanki imene sinachotsedwe n'kutsukidwa bwino, makamaka ya petulo.

Ndalama zanga zinapita motere. Mwezi woyamba ndinasintha silo ya ekiselo ndi nsapato za mabuleki, gasiketi ya pamwamba ndi kapaipi ka kumbuyo kwa alternator, ndipo sayilensa inayenda ndi chitini popeza bowo lake linali kumbuyo kwa kabini. Nditagulitsa kachewere wa m'dimba ndinagula panela ndi paipi ku Tete, mmisiri wa gasi anapanga kuyambira pakati mpaka kumapeto, ndipo tinayeza mpata wa pa ekiselo titakweza matumba khumi. Chigawo cha kutsogolo ndi chomwe chija cha 1994, chikulirabe nge nge. Silo yakumbuyo kwa injini imasiya kadontho kamodzi pa katoni m'mawa uliwonse, ndipo ikudikira kilatchi.